Fyuluta ya alamu pa mpando wakutsogolo

Tinanyamuka ku Riverside, ku Kitwe, Loweruka pa seveni awazi m'mawa, titapemphera titazungulira boneti. Anthu tinali atatu: ine Banda woyendetsa, alamu anga a Mwale, ndi Amayi Tembo a ku mpingo kwathu, amene ankapita ku Ndola kukatenga mabelo a salaula, zovala za kaunjika. Iwowa anali kasitomala wanga woyamba. Onse awiri anakhala kumbuyo, chifukwa kutsogolo kunakhala fyuluta.

Ndifotokoze. Pamene migodi inkagulitsidwa, ine anandipumitsa ntchito ya ukalaliki, ndipo ndalama zonse zimene anandipatsa ndinagulira pikiapu yakale ya dizilo, ya zitseko folo, kuti ndizinyamula katundu wa anthu. China ndinalibe. Mkazi wanga Esnati anali atatsogola kale, ana ali m'makomo mwawo. Galimotoyo inali ndi tabo, kachitsulo kooneka ngati nkhono kamene kamakankhira mpweya mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Wogulitsa anandichenjeza kuti tabo imafa ndi oyilo wakuda, ndipo ikafa sindidzaikwanitsa ina. Masiku amenewo oyilo ankagulitsidwa m'mabotolo a saladi m'mbali mwa msewu, ndipo palibe ankadziwa kuti watsitsidwa mu injini ya yani.

A Mwale, mlongo wake wa Esnati, anakalambira pansi pa mgodi akukonza makina. Nawonso anali atapumitsidwa. Atamva nkhawa yanga anati, "Alamu, gonani tulo. Tiika fyuluta yachiwiri pa paipi yopita ku tabo. Oyilo azifika kumeneko woyera ngati madzi a ubatizo."

Anabwera nayo pa wilibala. Inali ya chimakina chofosholera miyala, yaikulu ngati ndowa, ndipo anaigula pa okushoni ya zitsulo. Mu boneti sinalowe. Anaboola pansi pa dashibodi, anadutsitsa mapaipi awiri, naikhazika pa mpando, naimanga lamba.

"Kodi sinakule pang'ono?" ndinafunsa.

"Ku mgodi palibe makina anafa chifukwa chosamalidwa kwambiri," anatero. Ine za makina sindidziwa, choncho ndinawalola.

Tisanafike pa mlatho wa Kafue, fyuluta inayamba kutentha, mpando n'kumanunkha. Amayi Tembo anamasula chitenje chapamwamba naifunditsa. Pa rodibuloko wapolisi anaweramira pa zenera, anavula chipewa, napereka moni wa m'mawa kwa fyulutayo, nati, "Mwashibukeni, mayo."

Fyuluta sinayankhe.

"Akudwala?" anandifunsa motsitsa mawu.

Sindinama. Ndinati, "Akutentha thupi, bwana, koma si munthu."

Anatukula chitenje, anayang'ana kwa nthawi, naitana mnzake. Mnzakeyo anafunsa ngati ndi kachasu tikutcheza tili paulendo. A Mwale anatsika n'kuyamba kuwaphunzitsa za kayendedwe ka oyilo, akujambula ndi chala pa fumbi la boneti. Asanafike theka, apolisiwo anatiuza kuti tizipita ndi Mulungu.

Cha m'ma eyiti, titadutsa mphambano ya ku Kamfinsa, kanyale kofiira kanayaka pa dashibodi. Ndinaima. A Mwale anasolola kandodo koyezera oyilo, ndipo kanatuluka kouma gwa.

"Watayika?" ndinafunsa.

"Sanatayike. Ali mwa mnzathuyu," anatero, akusisita fyuluta. "Ikudzaza. Ikakhuta iyamba kugawira tabo."

"Ndiye ikhuta liti?" anafunsa Amayi Tembo. "Ine ndinalera ana seveni, koma wadyera chonchi sindinamuone."

Tinathira oyilo amene ndinasungira ulendo wobwerera. Anatitengera mpaka pa mphambano ya ku Luanshya, kanyale n'kuyakanso. Pamenepo panali bambo wina pansi pa mtengo, ali ndi mabotolo a saladi aja, oyilo wake wakuda ngati nyemba zopserera. Ine ndinakana. A Mwale anati, "Alamu, fyuluta tinaiikiranji? Ipatseni ntchito." Tinagula mabotolo faifi.

"Ba mudala, injini yanu ili ndi mimba zingati?" anafunsa wogulitsayo.

"Imodzi ili mu boneti, ina ikuyang'ana msewu," anayankha Amayi Tembo, akutigawira vitumbuwa ndi chakumwa cha munkoyo. Anaika chitumbuwa chimodzi pamwamba pa fyuluta kuti chifunde, ndipo chinafundadi bwino. Pa ulendo wonsewu, ntchito imene ndinaiona ndi maso anga fyuluta ikugwira ndi imeneyo.

Tabo yabwino imaimba kamluzu kosalala. Yathu, titayamba kuona nyumba za Ndola, inasintha nyimbo. Poyamba inalira ngati khasu likunoledwa, kenako ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Ndinachotsa phazi, koma zinali zitachitika. Kunamveka phokoso limodzi, utsi woyera unaphimba msewu kumbuyo, galimoto n'kufooka ngati munthu wa malungo. Amayi Tembo anayamba nyimbo ya m'buku. 

Tinakwawa mpaka pa galaji ina pafupi ndi Itawa, nthawi ili ileveni awazi. Makaniko wake anali mdala wa imvi, wolankhula pang'ono. Anamasula tabo, anaitsegula, naitengera padzuwa.

"Chiyambireni ntchito sindinaone tabo yoyera chonchi," anatero. "Mulibe kachitsotso ngakhale kamodzi. Mulibenso oyilo. Yafa ndi ludzu."

Kenako anatsegula kabati natulutsa kafyuluta kochepa ngati kapu ya tiyi. "Nzeru yanu inali yabwino. Fyuluta yachiwiri imathandizadi. Koma ya galimoto iyi ndi aka. Chindowa chanucho chinkamwa oyilo yense, tabo n'kumalandira madontho."

A Mwale anatenga kafyulutako m'dzanja lawo lalikulu, nakayang'ana. "Ku mgodi aka tikanakataya ngati chitsekero cha botolo," anatero. "Alamu, ndakuphani."

Ndinali nawo mawu mumtima, sindikana. Koma ndinayang'ana manja awo. Munthu amene moyo wake wonse anasamalira makina aakulu ngati nyumba, atamulanda makinawo, manja ake amayezabe pa muyezo womwewo. Ndinati, "Simunandiphe. Tiyeni timve amisiri."

Mdala uja anati tabo yatsopano sindingaifikire, koma atha kuichotsa yakufayo n'kutseka mapaipi. "Iziyenda, koma musamapikisane ndi munthu."

Ananena zoona. Tinakweza mabelo a Amayi Tembo pa fotini awazi masana, ndipo pobwerera, pa chitunda chilichonse, anthu a njinga za makala ankatipitirira akutipatsa moni. Tinafika ku Kitwe dzuwa likupendeka. Potsika Amayi Tembo anati, "A Banda, salaula sindidzakwezanso muno, mafashoni angathe tili m'njira. Koma galimoto iyi ili ndi ulemu."

Lachiwiri lotsatira anandituma akulu a mpingo. Kunagwa maliro, ndipo Amayi Tembo anali atawauza kuti akudziwa galimoto imene singathamange ngakhale woyendetsa atafuna. Zaka zimenezo maliro sankasowa m'makomboni mwathu. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuperekeza anthu ku manda, amayi a Chigwirizano cha mpingo akuimba, akuyenda wapansi kumbuyo kwanga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsalira.