Tsiku Limene Diraivi Yathu Inakana Ukwati wa Tadala

Ndinanyamuka ku Machinjiri Lachisanu m'mamawa, diraivi ya banja lathu nditaikulunga m'sokosi n'kuiika pansi pa chikwama. Ndi kabokosi kakuda kosungiramo zithunzi ndi mavidiyo, ndipo kwathu timabwerekana ngati mtondo. Ndinkapita ku Ndirande kukatenga vidiyo ya ukwati wa mng'ono wanga Tadala. Bambo athu anachita sitiroko ukwati uli pafupi, moti tsikulo anali gone pabedi, ndipo chiyambire funso lawo linali limodzi: filimu ija ibwera liti? Wojambula, a Yusufu, anali atandichenjeza kuti dzuwa likamalowa afufuta zonse m'kompyuta mwawo, chifukwa Loweruka anali ndi ukwati wina ndipo malo anali atawathera.

Minibasi ya ku Chirimba inatipanikiza anayianayi pampando, kondakitala akulalata kuti mtengo ndi wani faifi, alibe chenje. Ine chikwama chili pachifuwa, manja onse awiri pamwamba pake.

"Mwanyamula mazira kodi, asisi?" anafunsa mayi amene tinakhala naye.

"Akanakhala mazira ndikanakupatsani mundigwirire," ndinamuyankha.

Pa Chirimba ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Bampu iliyonse ndinkaimva m'mano.

Kachipinda ka a Yusufu kali kuseri kwa msika wa Ndirande, moyandikana ndi osula ndowa, moti timayankhulana mokuwa. Analumikiza diraivi ku kompyuta yawo ya Mac, n'kukoka vidiyo kuti ilowe. Inakana. Anayesanso, inakananso.

"Asisi, diraivi yanuyi inakonzedwa mwa Windows, amati NTFS. Mac yangayi imaona zimene zili mkatimu, koma kuikamo kanthu siingathe. Pokhapokha tiifomate."

"Kufomata kuja kofufuta zonse?"

"Komweko."

M'diraivimo munali mavidiyo a malemu mayi athu, akuimba pakwaya ya amayi, akumukalipira Tadala chifukwa chowajambula asanavale duku. Kwina kulikonse kunalibe.

"Ndiye sungani kaye zimenezi m'kompyuta mwanumo," ndinatero.

A Yusufu anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti andibereke. "Malo ake ati? Si nkhani yomweyo ndakuitanirani? Pezani wa kompyuta ina akusungireni, aifomate, mubwere nayo. Muwauze aikonze mwa exFAT, imeneyo Mac ndi Windows zonse zimalemba. Osalola china. Ine ndikutseka, ndikupita kumzikiti ku mapemphero a Juma."

Amene ndinamuganizira ndi mlamu wanga Gift, mwamuna wa msuweni wanga, amene ali ndi kaokala ku Chilomoni koikira anthu nyimbo m'mamemori. Ndinatsikira m'tauni, pa Mibawa n'kukwera ya ku Chilomoni. Inachedwa kudzaza. Ndinagula zitumbuwa ziwiri pazenera, koma chimodzi ndinangochigwira mpaka kukafika.

Gift ndinamupeza dzuwa lili paliwombo, nyimbo zili pamwamba. Atamva nkhani yanga anaseka.

"Alamu, nkhope yonseyi chifukwa cha kabokosi? Khalani apa, mwafika kwa dokotala."

Kompyuta yake ndi yakale, imalira ngati chigayo, ndipo tsiku lonse anthu amabayamo mamemori ochokera kosadziwika. Ndinkadziwa kuti mavairasi amabadwira m'malo ngati amenewa, koma wopempha sasankha. Anayamba kukopera. Kamzere kobiriwira kankayenda pang'onopang'ono, ine maso ali pomwepo.

Zitatha, tinayamba kukangana.

"Tiike FAT32, alamu. Imeneyo ndi kabaza, imalowa paliponse, pa TV, pawailesi, ngakhale m'minibasi."

"A Yusufu anati exFAT."

"A Yusufu ndani? Ine ndimafomata tsiku lililonse."

Ndinawaimbira a Yusufu, foni n'kumupatsa Gift. Ndinamva mawu awo akutuluka: "Achimwene, FAT32 silandira fayilo yopitirira magigabaiti anayi. Ukwati wonsewu ndi fayilo imodzi yaikulu, sungalowe." Gift anabweza foni, akukanda mutu.

"Chabwino, kabaza sanyamula sofa. Tiika exFAT yanuyo."

Dzanja lake linapita pa mausi, ine n'kuligwira.

"Tsegula kaye. Ndiwaone mayi m'kompyuta mwakomo."

Anatsegula vidiyo imodzi. Mayi anatulukira, akuwomba m'manja. Ndinati ina. Ndinati inanso. Anthu ofuna nyimbo anayamba kudandaula kumbuyo kwanga, koma sindinatembenuke. Nditakhutira ndinamusiya dzanja, ndipo anadina. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza mate, diraivi inali mbee. Ndinachita mantha kwambiri, sindikubisa.

Tikuti tiyambe kubwezeramo za mayi, magetsi anazima. Nyimbo zonse za pamsikapo zinangoti zii.

"Abwera liti?" ndinafunsa ngati Gift ndiye amawasunga.

"Mwina madzulo, mwina mawa. Pitani alamu, zili bhobho, palibe akhudze."

Ndinamulumbiritsa kuti asabayemo memori ya munthu aliyense mpaka nditabweranso. Analumbira akuseka, zimene sizinandisangalatse. Ndinachoka ku Chilomoni ndi diraivi yopanda kanthu, mayi nditawasiya m'kompyuta ya mlamu, ukwati uli ku Ndirande.

Pobwerera sindinadikire minibasi. Wakabaza anatchula mtengo wokwera, sindinanenerere, ndinangoti thamangani. Tinafika ku Ndirande dzuwa litapendeka, a Yusufu akulongedza makamera m'chikwama.

"Ndimati mwagonja," anatero.

Analumikiza. Anakoka vidiyo ija. Ulendo uno inalowa osakana, ndipo ndinakhala pa benchi kudikira. Itatha anaitsegula pamaso panga, koyambirira, pakati ndi kothera, kenako anafufuta yawo ine ndikuona.

Ku Machinjiri ndinafika kukuyamba kuchita chisisira. Bambo anali atawakhazika pampando pabalaza, atawavekanso malaya oyera. Ndinabaya diraivi kuseri kwa TV. TV inaganiza, inaganiza, n'kulemba kuti palibe chimene ikuchiona. TV yathu ndi yakale, exFAT siidziwa. Ndinafuna kuiponya panja. Bambo anangotsitsa maso, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa ulendo wonse.

Ndinathamangira kwa aneba, aphunzitsi ena ake, n'kubwereka laputopu yawo ya Windows. Tinaiika pa kastulu patsogolo pa bambo. Diraivi inatseguka nthawi yomweyo.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti usanasankhe kakonzedwe ka diraivi, uyambe wawerenga makina onse amene ikalowemo, osaiwala a m'nyumba mwako. Za mayi ndinakazitenga m'mawa mwake zili bwinobwino, ndipo tsopano zili malo awiri.

Koma madzulo amenewo tinakhala pansi, kuonera Tadala akulowa m'tchalitchi atagwira mkono wa amalume, malo amene anali a bambo. Atafika kutsogolo, bambo anakweza dzanja lawo limene sitiroko sinalikhudze. Chidwalireni mawu amawavuta, moti tonse tinawerama kuti timve.

"Bwezera," anatero.

Ndinabwezera, Tadala n'kuyambanso kulowa.