Chitseko Chimene Ndinaboola ku Mzimba

Pashopu ya a Nyirenda pa Boma tili ndi makina a kompyuta ogoba maluwa pazitseko. Mmisiri amene anadzawamanga anandifotokozera kuti kachipangizo kowerenga malo, enkoda, kalipo ka mitundu iwiri. Kena magetsi akathima kamaiwala pamene mpeni unali, ndiye umayamba wabweza makinawo pakona poyambira. Kena kamakumbukira kokha. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, koma m'mutumo zinali zitasakanikirana kale.

Lachitatu masana magetsi anathima tikugoba chitseko cha mlombwa cha tchalitchi china, chokhala ndi mtanda pakati. Atayaka, a Nyirenda anafunsa, "Tibweze poyambira, adada?"

"Ayi," ndinatero molimba mtima, "athuwa ndi okumbukira."

Nditayatsa makinawo, mpeni unasiya duwa, unayenda chammbali n'kuboola pakati penipeni pa mtanda. Ine ndinanamizira magetsi.

A Nyirenda analowetsa chala pabowopo, n'kundiyang'ana, n'kundithokoza m'Chitumbuka. "Yewo chomene, a injiniya."

Mpaka lero sindidziwa kuti kachipangizo kathuko ndi kamtundu uti, ndipo kufunsa ndikuchita manyazi. Ndimangobweza makinawo poyambira, ngakhale munthu angoyetsemula.