Utse wathu wakalowa ku yunivesite

Lachitatu lapitali, 4 koloko masana, ndikukazinga zitumbuwa kwathu ku Bangwe, foni inalira. Anali mwana wanga Lusiya, amene akuphunzira ku yunivesite m'tauni muno.

"Amayi, utse mumathabe kuvina?"

Abale, ndinatsala pang'ono kupsa ndi mafuta! Utse, gule wa amayi wa kwathu ku Nsanje? Akufunsa Lusiya yemweyu, amene amauza anzake kuti kwawo ndi ku Limbe? Ndikamuyankhula Chisena pagulu ankanditsina. Akuti kusukuluko amaseka kuti Asena timadziwika madzi akasefukira basi.

Chimwalirire bambo ake, Chisena chinazima m'nyumba mwathu. Ndikanayankhula ndi ndani, khoma?

Nkhani inali yakuti sukuluyo yakonza tsiku loti mtundu uliwonse uonetse gule wake. Atumbuka anakonzeka, Ayao anakonzeka, Alomwe osanena. Asena anapezeka ochepa, ndipo wanga anali atadziulula yekha kuti ndi Msena.

Loweruka, tsiku la magulelo, ndinapita. Ndinapeza Lusiya ndi anzake a mitundu ina akuyeserera, amanga zitenje pachifuwa ngati akupita kubafa, akugwedeza mapewa motsanzira zapafoni.

"Ana inu, mwagwidwa malungo? Nsalu m'chiuno! Utse suli m'mapewa!"

Ndinamanga yanga n'kulowa m'bwalo. Chiyikire maliro a mwamuna wanga ndinali ndisanavinepo. Chiuno chinakumbuka chokha! Mtsikana wina wa ku Karonga anakuwa, "Amama, pang'onopang'ono, mutipha!" Aphunzitsi ena a tayi anayesa nawo, koma ankangooneka ngati alumidwa ndi linthumbwi.

Kenako Lusiya anatenga maikolofoni. "Awa ndi amayi anga. Kwathu ndi ku Nsanje." Ananenanso m'Chisena, chopindikapindika, koma Chisena ndithu. Nthungululu yanga inamveka mpaka kumsewu.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma ndifunse. Mwana akakhoza mayeso n'kupita ku yunivesite, chilankhulo cha makolo ake azichisiya pageti? Ndi angati akubisa kwawo poopa kusekedwa, Alambya, Ankhonde, Asena? Mutu umodzi susenza denga, ndiye dziko lingasenzedwe ndi mtundu umodzi?

Akuluakulu a masukulu, gule wa tsiku limodzi ndi wabwino, zikomo. Nanga Lolemba m'kalasi, wina akamseka mnzake chifukwa cha kayankhulidwe ka kwawo, mumamudzudzula?

Atsikanawo andipempha ndizibwera. Tsopano Loweruka lililonse ndizitseka geni yanga ya zitumbuwa masana, kukwera minibasi, kukawaphunzitsa utse. Pafoni ine ndi Lusiya tikuyankhulana Chisena.