Amai a Ubatizo a pa Chinyunyu

Emeliana sanabalepo mwana, ndipo anthu a pa Chinyunyu ankamukumbutsa zimenezi kawirikawiri ngati kuti mwiniwake angaiwale. Mwamuna wake, Mateyo, anapirira zaka zisanu, kenaka anati akukafuna ntchito ku migodi. Ntchitoyo anaipezadi, pamodzi ndi mkazi wina ndi ana anayi, ndipo sanabwererenso.

Emeliana anakachapa zovala ku mishoni ya Mpanshya kwa zaka zingapo. Kumeneko masisitere anamuphunzitsa kuti munthu akakhala pafupi kufa wansembe kulibe, Mkristu aliyense angathe kumubatiza, bola pakhale madzi ndi mawu ake. Atabwerera kwawo, mabanja anayamba kumupempha kuti aziimirira ana awo pa ubatizo. Ena ankamusankha chifukwa cha mapemphero ake, ena chifukwa choti mkazi wopanda ana sasowa kansalu kopatsa khanda. Iye ankadziwa zonsezo, koma sanakane ndi mmodzi yemwe. Ankati Mulungu anamumana mimba n'kumupatsa manja, ndipo mwana amene wamuyankhira pamaso pa wansembe ndi udindo wake kudzamuyankhiranso pa chiweruzo. Anawo ankawatsina makutu akajomba ku katekisimu, ndipo amayi awo owabala sankayerekeza kudandaula.

Woyamba mwa ana amenewa anali Festus, mnyamata wamtali, wamtima wapachala, amene Emeliana ankamukonda mopitirira muyeso.

Mu Novembala wa 1979 asilikali a ku Rodeshiya anaphulitsa milatho, ndipo mantha anagwira midzi yonse ya m'mbali mwa msewu waukulu. Mlendo aliyense anasanduka kazitape. Anyamata anayamba kulondera msewu ndi mipini ya nkhwangwa, ndipo mtsogoleri wawo anali Festus.

Tsiku lina masana Emeliana ankagulitsa masuku pamsewu, pamene lole inatsitsa munthu wovala jombo zatsopano. Munthuyo anatsikira pansi pa kamlatho, mwina kukadzithandiza, mwina kukasamba m'maso. Potuluka anafunsa dzina la kamtsinjeko, ndipo lilime lake silinali la kuno. Mlandu wake wonse unali umenewo.

"Uyu ni kazitape!" anakuwa Festus. "Afuna kutiphulitsira buliji!"

Mpini woyamba unamugwera paphewa. Munthuyo anakweza manja kuti afotokoze, wachiwiri unamuthyola zala, wachitatu, wa Festus, unamuswa mutu. Atagwa, anamukokera pa tala ndi miyendo, mutu ukugunda m'miyala. Azimayi amene mphindi yomweyo ankamuitanira masuku anatola miyala nawonso. Wina anamuvula jombo, wina anamuponda pakamwa mpaka mano anatsalira pafumbi. Magazi anayenderera kulowa pansi pa mabeseni.

Emeliana anathamangira pakati pawo akuitana aliyense ndi dzina lake la ubatizo. "Patson, leka! Phinias, taya mwala uyo! Festus! Festus, mwana wanga!" Koma gulu likalawa magazi limagontha makutu. Festus anamukankha ndi chigongono osamuyang'ana n'komwe. "Amai, chokaniponi, izi ni za amuna."

Emeliana anaona maso a munthuyo akutembenuka, ndipo anadziwa kuti sangamulanditse m'manja mwawo. Anabwerera pa beseni lake, natenga botolo la madzi ake akumwa, nadziponya pamwamba pa munthuyo. Mpini wa Festus unali kale m'mwamba. Unatsika pa mkono wa Emeliana, ndipo onse anamva fupa likuthyoka. Iye sanasiye botolo. Ndi dzanja lotsalalo anathira madzi katatu pa mutu wong'ambikawo, akunena mawu a ubatizo, magazi ndi madzi zikusakanikirana m'chikhatho mwake.

Kenaka anadzutsa mutu. "Lomba uyu ni mwana wanga. Ni mbale wanu. Pitilizani, nione wamene azapaya mbale wake pamaso panga."

Palibe anapitiriza. Miyala inagwa pansi umodziumodzi, ndipo anthu anayamba kukumbukira ntchito zimene anasiya kunyumba. Koma zinali zitachedwa. Munthuyo anafera pamiyendo ya Emeliana dzuwa lisanapendeke, osanena dzina lake kapena kumene ankapita. M'matumba mwake munalibe bomba kapena mapu, munali mpango ndi tsamba la fodya.

Apolisi atabwera, mudzi wonse unali wakhungu. Aliyense anali kumunda tsiku limenelo, ngakhale amene mabeseni awo anali akadali ndi madontho a magazi. Emeliana yekha, mkono uli m'pulasitala, ananena kuti mpini umene unaswa mutu wa mlendo unali m'manja mwa Festus. Ananena akulira, pakuti mtima wake unali kung'ambika, koma sanachotsepo liwu. Amayi ake a Festus omubala anamulavulira kumaso pakhomo pa tchalitchi, ndipo kuyambira pamenepo palibe banja linamupemphanso kuimirira mwana.

Festus anamangidwa zaka zambiri. Mwezi uliwonse Emeliana ankakwera basi ndi kamtolo ka nsinjiro, sopo ndi mbatata zootcha, kupita kundende. Alonda akamufunsa kuti ndi ndani wake wa mkaidiyo, ankayankha kuti ndi mai wake. Zaka ziwiri zathunthu Festus anakana kutuluka kudzamuona. Emeliana ankasiya kamtolo pa geti n'kubwerera, ndipo mwezi wotsatira ankafikanso.

Chaka chachitatu Festus anatuluka kudzamuona, ataonda, mutu wometedwa. Anayang'ana mkono wokhota wa Emeliana nthawi yaitali, kenaka anagwetsa nkhope.

"Amai, nimafuna kumupempherera uja munthu, koma sinidziwa pomuitanira," anatero Festus. "Pamene munamubatiza, munamupatsa dzina lanji?"

Funso limeneli Emeliana ankaliopa kuposa mpini.

"Panalibe nthawi yosankha, mwana wanga," anayankha. "Ninamupatsa lamene linali pakamwa panga. Ni Festus."