Sopo pa Dziwe la Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene aphunzitsi athu a sayansi analowa m'kalasi ndi beseni la madzi. Anawaza phulusa pamwamba, n'kugunda pakati ndi kamtengo ka machesi koviika m'madzi a sopo. Phulusa lonse linathawira m'mbali, pakati n'kutsala bwalo loyera mbee! Bwalolo analiyeza ndi rula. Anati tizidutswa ta sopo tosaoneka ndi maso timayalana pamwamba pa madzi popanda kusanjikizana, ndipo ukadziwa kukula kwa dontho ndi kwa bwalo, ukhoza kuwerengera kupyapyala kwake.

Ine ndi mtima wanga wa phuma, ndinkafuna bwalo loposa la aphunzitsi.

Kwathu ku Dambe bambo anali ndi kadziwe ka nsomba kudambo. Anali atagwira utenanti pa esiteti ya fodya zaka zambiri, ndipo kadziweko, kamene anakumba okha ndi khasu, n'kamene kanawatulutsako. Unali Okutobala, madzi ataphwera, nsomba zitatsala pang'ono kukololedwa.

Loweruka masana ndinatenga phulusa, chingwe choyezera ndi paketi yaikulu ya sopo waufa ya amayi. Bwalo linatsegukadi, koma mphepo inkalitseka ndisanayeze. Ndinawonjeza sopo, n'kuwonjezanso, mpaka paketi yonse psiti. Tizilombo toyenda pamadzi tinkamira ndikuona, koma ine maso anali pa chingwe. Ndinalemba muyeso wanga m'kope n'kubwerera kunyumba monyadira.

M'mawa mwake nsomba zinali mbwee pamadzi, mimba kumwamba. Bambo anali m'madzi olekeza m'mawondo, akuzitola imodziimodzi, akuti pali wansanje wawathirira mankhwala. Atayamba kutchula maina a anansi athu, ndinalephera kupirira.

"Ndine, bambo. Ndimayeza sopo."

Anayang'ana kope limene linali m'manja mwanga nthawi yaitali, manja akudontha matope.

"Ndiye wapeza chiyani, mwana wanga?"

Sanandimenye. Bola akanandimenya! Kudziwe kuja sanapondekonso, ndipo mvula itayandikira anamanga katundu kubwerera ku esiteti.

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti funso lawo linali londinyoza. Ndazindikira mochedwa, ndili kale ndi ana anga, kuti ankafunsadi. Munthu amene sanapiteko kusukulu ankafuna kumva kuti nsomba zake zafera chinthu chanzeru. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa anamwalirira ku esiteti komweko ndisanawayankhe.