Malo Amene Ankadya Mbedza za Amalume

Inu amene mwayamba kugwa mphwayi, tamverani nkhani ya Oddny, mtsikana wa kwathu kuno kugombe la Norway.

Tsiku lachinayi la kafukufuku wake linamupeza atagwada kumbuyo kwa boti, akusanza. Kamera yomwe ankaitsitsira pansi pa nyanja ndi chingwe inkangoonetsa matope. Lero matope, dzulo matope, dzana matope. Iye ankafuna makorali, tizilombo ting'onoting'ono timene timamanga tinthambi toyera ta mwala. Ambiri amati timakhala kumaiko otentha kokha, koma kwathu tiliko, m'madzi ozizira momwe dzuwa silifika.

Sukulu inamupatsa boti masiku asanu basi. Akanabwerako chimanjamanja, digiri yake ikanathera pomwepo, chifukwa uwu unali mwayi wake womaliza.

Oddny sanafike pamenepo mwa masewera. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi amalume ake, a Jarle, msodzi wa mbedza. Kusekondale analephera. Anatumbula nsomba m'fakitale zaka zisanu ndi zinayi, kwinaku akubwereza mayeso. Pomalowa yunivesite anali wamkulu kale, moti anzake ankamutchula kuti azakhali.

Madzulo a tsikulo kunauka mphepo, ndipo boti linakhala padoko masiku atatu. Apa ndi pomwe Oddny anakumbukira tinthambi toyera timene tinkakodwa m'mbedza za amalume ake iye ali mwana. Iwo ankangotiponya m'madzi akutukwana.

Koma kwathu kuno malo ophera nsomba ndi chinsinsi cha pabanja. Sitiwalemba pamapu. Msodzi amayang'ana kumtunda, nsonga ya tchalitchi ikalunjika pampata wa phiri, amadziwa kuti wafika. Amauza mwana wake yekha, mwinanso atayandikira kumanda. Ine bambo anga anapita nacho osandiuza, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Oddny anapeza amalume ake m'kanyumba ka padoko akuika nyambo kumbedza.

"Amalume, paja pankadya mbedza zanu paja ndi pati?"

"Iwe, makina onse aja mukusowa nawo kamtengo ka m'madzi? Ndiye kusukuluko mumaphunzira chiyani, kusanza?"

"Mungondiuza chabe, amalume."

"Ndikuuze kuti abwana ako alembe pamapu, boma libwere lidzatseke? Pamenepo ndi pamene pakulera iwe. Nsapato iliyonse unavalapo inachokera pomwepo."

Oddny sanatsutse, chifukwa zinali zoona. Anakoka mpando nayamba kuwathandiza kuika nyambo. M'mawa mwake anabweranso, mkuja anabweranso. Za malo sanazitchulenso. Ankangofunsa zimene zinkamudabwitsa kuyambira ali mwana. Tinthambito tinkabwera toyera tokhatokha? Tinkanunkha bwanji?

"Nanga nsomba zofiira mumagwira zija zimaunjikana pamenepo chifukwa chiyani, osati mbali inayo?" anafunsa tsiku lina.

Zaka makumi anayi akuwedza pamalopo, a Jarle anali asanadzifunsepo. Funsolo linawasowetsa mtendere tsiku lonse, mpaka khofi wawo anazizira m'kapu.

Mphepo itadeka, Oddny ndi aphunzitsi ake, mayi Selnes, anawapeza atakwera kale boti la sukulu. A Jarle anavula jekete n'kuphimba kachipangizo kosonyeza malo pamene boti lili.

"Mayi, aka kayambe kagona. Ndabwera kudzaona ndi maso anga, osati kudzagulitsa munda."

Mayi Selnes anavomera, koma Oddny sizinamusangalatse. Ankadziwa kuti zithunzi zopanda manambala a malo palibe woyesa mayeso amene angazilandire. Komabe anangokonza kamera yake.

A Jarle anaongolera boti maso ali kumtunda. Kenako anati, "Tsitsa apa."

Kamera inatsika mamita mazana awiri. Matope. Miyala. Kenako galasi lonse loonerapo zithunzi linangoti mbee. Nthambi zoyera zinali zitasanjikana ngati mulu wa nkhuni, wotalika kuposa nyumba. Pakati pake panali tinkhanu, ndipo nsomba zofiira zinangoima duu, zina mimba zili tototo.

"Zimabisala m'menemo, zimadya m'menemo," anatero Oddny. "Yankho la funso lija ndi limeneli, amalume."

Mkuluyo anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. "Kodi zimenezi zili ndi moyo? Zimakula?"

"Pang'onopang'ono kwambiri, bambo," anayankha mayi Selnes. "Pachaka mwina m'lifupi mwa chala chanu. Mulu umenewu unayamba kale, tchalitchi chanu chija kulibe."

Kamera itasuntha, anaona malo ena ataphwanyika, nthambi zili mbwee pansi. Zingwe zakale zinali zitakulunga ponseponse.

"Imitsa kaye," anatero a Jarle. Anayang'ana nthawi yaitali. "Mfundo imeneyo ndi yanga. Palibe wina amamanga choncho."

Palibe amene anawauza chochita. Anatambasula dzanja, nachotsa jekete pakachipangizo kaja.

"Lemba, mwana iwe. Koma ulembe bwino, ndisadzamve kuti walepheranso."

Oddny analemba manambalawo misozi ikudontha papepala. Digiri anaipeza, ndipo lero ndi iye amene amatenga ophunzira kupita nawo panyanja. Zimene a Jarle ankaopa zinachitikadi, malowo anatsekedwa. Tsopano amayenda mtunda wautali kukaponya mbedza, ndipo ndimawamva akudandaula padoko. Koma mlendo akangofika amayamba kudzitama kuti makorali aja anawapeza ndi iwo.

Inu amene mwaona matope masiku anayi, tsiku lachisanu likadalipo. Akakukanizani, kokani mpando, gwirani nawo ntchito, ndipo musaleke kufunsa. Osataya mtima, tsitsaninso chingwe.