Ola la Asiyatu Ndinalidya Ndine

Inu owerenga, ine ndinawononga tsogolo la mwana wa eni ndi pakamwa pangapa. Sindinamutukwane, sindinamunamizire mlandu. Ndinangolankhula pa nthawi yomwe ndimayenera kutseka pakamwa n'kutchera khutu. Chochititsa manyazi n'chakuti ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kumvetsera.

Ndimagwira ntchito pamalo ena opereka uphungu ku Ilala, kuno ku Dar es Salaam. Kumabwera anthu osweka mitima, oferedwa, omenyedwa m'banja, ena ongotopa ndi moyo. Sukulu ina yosula aphungu imatitumizira ophunzira ake kuti adzayesere ntchito pa anthu enieni, ndipo ine ndimawayang'anira. Lachinayi lililonse wophunzira amakhala nane ola lathunthu. Amandiuza momwe wachezera ndi anthu ake, pomwe wakakamira, ndi zomwe zamuopsa. Ine ndimafunsa, ndimakonza, ndipo nthawi zambiri timachita kasewero, ine kukhala wodandaula, iye mphungu, kuti ndione ndi maso anga momwe amagwirira nkhani. Ola limenelo ndi la wophunzira.

Kuno ndinabwera ndi malemu amuna anga, omwe ankathandiza Amalawi kutulutsa magalimoto kudoko. Atamwalira, ana anabwerera ku Malawi, ine n'kutsalira ntchito. Nyumba ya ku Tegeta inandikulira. Chiswahili ndimachidziwa, ngakhale kukangana ndi kondakitala wa daladala, minibasi za kuno, ndimatha, koma kudandaula m'chiyankhulo cha eni kuli ngati kudzikanda pamwamba pa malaya. Chichewa ndinkachilankhula pafoni pokha, ana akakumbukira kuimba. Ndinali wosungulumwa kwambiri, ngakhale sindinkavomera.

Kenaka kunabwera Asiyatu, mtsikana wofatsa, wovala mpango wake mwaulemu. Tsiku loyamba anandimva ndikutsanzikana ndi mwana wanga pafoni. Anadikira kuti ndimalize, n'kufunsa motsitsa mawu: "Amayi, kani ndinu a kwathu?"

Mtima wanga unadumpha ngati ndatola chikwama. Makolo ake ndi a ku Machinga, koma iye anabadwira ku Ilala konkuno. Chichewa ankamva chonse, kungoti polankhula chinkatuluka chodukaduka, chothira Chiswahili. Kwa ine chinali chokwanira.

Lachinayi loyamba tinayamba bwinobwino. Ntchito ili m'kati ndinamufunsa za kumudzi, n'kupeza kuti anapitako ali khanda. Basi ndinayamba kumufotokozera za ku Liwonde, za chimanga chootcha cha pamsewu, za basi yoima paliponse. Sabata yotsatira ndinafika pa amuna anga, momwe anadwalira, ndi ulendo wautali wonyamula thupi lawo kudutsa pa Songwe. Ndinalira misozi yomwe ndinaisunga chiikire maliro. Asiyatu anakhala phee, osandidula mawu, n'kumangoti, "Pole sana, amayi." Tsiku limenelo ndinabwerera ku Tegeta mtima uli myaa, ngakhale mdipiti wa magalimoto wa pamsewu wa ku Bagamoyo sunandipweteke mutu.

Chinakhala chizolowezi. Ophunzira enawo ndinkawapanikiza, kasewero kubwereza mpaka atuluke thukuta, moti ankandiopa. Koma Asiyatu akalowa, ndinkaitanitsa tiyi ndi mandasi, n'kuyamba zanga. Sindinachite naye kasewero ngakhale kamodzi. Ndinkadziuza kuti mwanayu ali ndi mphatso, safunika kumuvutitsa, poti kumvetsera kwake ndinkakuona ndekha. Taonani bodza lomwe munthu amadzinamiza akafuna zake zimuyendere! Komanso ife oyang'anira tili ndi mkumano wathu, komwe timakatula nkhawa kwa anzathu a ntchito. Ine ndinali nditasiya kupitako, poti ndinali nditapeza kotulira kwanga.

Lachinayi lina analowa nkhope ili yakugwa, akupotokola nsonga ya mpango wake. Asanakhale n'komwe anati: "Amayi, samahani, pali kesi imodzi ikundisumbua."

M'mawa womwewo mwana wanga wamkulu anali atandiuza kuti pa Khirisimasi sabwera. Ndinamuyankha Asiyatu kuti nkhani yakeyo tiiona posachedwa, koma ayambe wamva zomwe andichita anawa. Ola linatha ndikudandaula. Ali pakhomo anayesanso, kuti ndi mayi wina amene mwamuna wake amam'menya, ndipo iye akuganiza zochita zinazake. Sindinamulole kumaliza. Ndinamusisita paphewa n'kumuuza kuti apitirize momwe akuonera, tidzakambirana Lachinayi linalo. Mwana woleredwa bwino sadula mawu a wamkulu, ndipo safunsa kachitatu. Anangoti "Chabwino, amayi," n'kutuluka.

Chomwe ankaganiza chinali kuitana mwamunayo kuti akhale pansi atatu. Si kupusa ayi. Anakula akuona bambo ake akuyanjanitsa mabanja a Amalawi anzathu kuno monga amachitira ankhoswe, uyu alankhule, uyu alankhule, agwirane chanza. Koma pa ntchito yathu, pomwe pali nkhonya sitiyamba n'kuitana womenyayo, chifukwa ukatero wamuuza kuti mkazi waulula. Choyamba ndi chitetezo cha mayiyo. Ili ndi phunziro lomwe wophunzira aliyense wodutsa m'manja mwanga amalidziwa, chifukwa m'kasewero ndimawatchera msampha umenewu dala. Asiyatu yekha ndiye sindinamutchere.

Mwamunayo anabwera atatchena, anapepesa, anathokoza mpaka kuwerama. Asiyatu anasangalala kuti wamanga banja. Atafika kunyumba, bamboyo anathyola mkazi wake mkono ndi kumugulula mano, ati wamuyalutsa kwa anthu achilendo. Anansi ndiwo anathamangira naye kuchipatala. Mayiyo anachira, koma kuntchito kwathu sanapondekonso.

Akuluakulu a pantchito ndi mphunzitsi wa kusukulu kwake anatiitana tonse awiri. Anamufunsa Asiyatu ngati nkhaniyi anaifikitsa kwa womuyang'anira. Anayang'ana pansi, n'kuyankha kuti anachita yekha. Inu owerenga, ine amene ndinalankhula miyezi yonseyo osapuma, tsiku limenelo ndinasanduka bububu. Ndinamuona mwanayo akusenza katundu wanga, ine manja ali pamiyendo.

Chikumbumtima chinandisautsa mpaka ndinabwerera kwa akuluakuluwo kukanena zoona zonse. Anandidzudzula, anandiimitsa kaye kuyang'anira ophunzira, ndipo zinali zondiyenera. Sukulu inavomera kuti Asiyatu abwereze ndi woyang'anira wina. Ndinaganiza kuti zakonzeka, koma Asiyatu sanabwere.

Ndinafufuza mpaka ndinamupeza akugulitsa nsalu m'sitolo ya azakhali ake. Ndinapepesa m'Chichewa chathu chija, ndinamuuza kuti cholakwa chinali changa, kuti khomo ndi lotsegula, abwerere akamalize. Anandimvetsera mpaka kumapeto, monga mwa nthawi zonse. Koma poyankha anayankha m'Chiswahili chokhachokha. Anati alibe nane mangawa, kungoti sangakhalenso pampando wa mphungu. Ndinayesanso m'Chichewa, iye n'kubwezanso m'Chiswahili. Potsanzika anandiperekeza mpaka pakhomo la sitolo.

"Karibu tena, mwalimu," anatero.

Anati ndibwerenso, koma ananditcha mphunzitsi. Sanatinso amayi. Ndinakwera daladala ya ku Tegeta nditakhala kuwindo, nkhope nditaitembenuzira kunja kuti anthu asaone.

Tsono inu amene mwapatsidwa ophunzira kuti muwasule, kaya ndi a uphungu, a unamwino kapena a ntchito ina yogwira miyoyo ya anthu, ndimvereni. Wophunzira si mnzanu wotulirako nkhawa, ngakhale akhale wa kwanu, ngakhale akhale yekhayo womva chiyankhulo chanu m'tauni yonse. Iye sangakukanizeni, chifukwa ndinu wamkulu komanso kukhoza kwake kuli m'manja mwanu. Ngati muli ndi chisoni, kachituleni kwa anzanu a msinkhu wanu, ngakhale m'chiyankhulo chokuvutani. Ndipo musanene kuti wophunzira akudziwa ntchito musanamuone akuigwira. Amene mumamukondayo ndiye mumupanikize kwambiri, chifukwa kumbuyo kwake kuli anthu omwe simudzawaona, omwe mkono wawo ungathyoke chifukwa cha funso lomwe inu simunalimvere.

Panopa anandibwezera ophunzira. Akalowa ndimafunsa chomwe abwera nacho, n'kutseka pakamwa. Kumkumano wa oyang'anira ndinayambanso kupita. Koma Chichewa ndabwerera kuchilankhula pafoni pokha, ndipo Lachinayi likafika ndimadzipezabe ndikuyang'ana kukhomo. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Asiyatu anafunsa, kawiri konse. Phulalo ndinamudyetsa ndine.